Ndinapaka Mutu Wanga Ngati Chitseko

Chizindikiro choyamba chinali pilo. Lachinayi lina m'mawa, m'mwezi wa Okutobala dzuwa likuwamba anthu, ndinati ndidzuke, pilo nayo n'kudzuka nane. Inali itamatirira kumutu, kuseri kwa khutu la kumanja. Nditaimatula ndinaona madzi achikasu, ndipo panali kafungo kamene sindikufotokozerani poti mwina mukuwerenga muli pachakudya. Nkhope ndinkaimva kulemera, zikope zikuyabwa, makutu akutentha ngati ndawayandikizitsa pa mbaula. Ndinaitembenuza pilo ija kuti akazi anga, amake Yotamu, asaone, n'kuvala chisoti changa cha ubweya, chija timavala mu Juni.

Ine ndine Nkhoma, kalipentala wa mu komboni ya Kalingalinga. Bambo anga anachokera ku Nyasalande wapansi kudzafuna ntchito, ine n'kubadwira konkuno. Sukulu ndinapitako pang'ono, ndinaisiya nditaona kuti aphunzitsi akungobwereza mafunso omwe ndinawakanika kale. Ndinagwira ntchito zaka zambiri pa fakitale ya mipando mpaka nthawi ija makampani anayamba kugulitsidwa, tonse n'kuuzidwa kuti tikapume. Ndinanyamula sowo ndi hamala, n'kuyamba kukhoma zitseko ndi mabedi m'mbali mwa msewu.

Mwana wanga Yotamu nayenso ntchito inamuthera, ndipo anabwerera pakhomo ndi mkazi wake, amake Dalitso. Mpongozi wangayu ndi wa manja abwino. Anayamba kukonza tsitsi la azimayi pakhonde. Zinali zaka zija katundu wa kum'mwera anasefukira m'misika, ndipo kunabwera utoto wa tsitsi wa mitundumitundu, wofiira, wachikasu, wina ngati vinyo wa pamgonero. Utotowu suyenda wokha. Amausakaniza ndi mankhwala oyera okhuthala ngati chambiko, amene amawatchula kuti divelopa, ndipo ntchito yake ndi kutsegula tsitsi kuti utoto ulowe. Ogulitsa kumsika ankagula chigubu chachikulu n'kumagawa m'timabotolo topanda chilembo. Zonsezi ndinkaziona ndi diso limodzi ndili pa benchi yanga yopalira matabwa.

Tsono mzime wathu, Enelesi, anapeza mwamuna, Mulenga, Mbemba wa ku Kopala, kumigodi kuja. Ukwati unali kumapeto kwa mwezi womwewo, ndipo mwanayo anali atandiuza kale kuti, "Atate, ndinu mudzandigwira dzanja polowa m'tchalitchi." Inu mukudziwa kuti Abemba ndi ife a kum'mawa tili pa chimbuya, timanyozana mwaufulu popanda wokwiya. Bambo ake a mnyamatayo, bashi Mulenga, atabwera kudzamaliza zokambirana, anandiyang'ana kumutu nthawi yaitali.

"Ba Nkhoma," anatero, "pa chikwati mukankhale kumbuyo. Bantu bazaona monga mwana apelekezewa na ambuye bake. Mutu monga munagwela mu saka ya unga!"

Munthuyo ndi wa msinkhu wanga, koma tsitsi lake linali bii ngati nsapato yopolisha. Ndinamuyankha kuti ndi anyani aja Abemba amawadya kwawo omwe akumubwereka ubweya. Anthu anaseka, ine ndinapambana. Koma mawu ake anatsala akundiluma.

Wina anganene kuti, bwanji osangopempha mpongozi amene anali pakhomo pomwepo? Ameneyo sadziwa mwambo. Kwathu mpongozi sakhudza mutu wa apongozi ake. Amake Dalitso akafuna kundipatsa madzi amagwada chapatali n'kuika kapu pansi. Tikakumana pa kanjira ka kuseri kwa nyumba, mmodzi amapatuka. Ndiye ine ndiyambe bwanji kunena kuti, mama, tandipakani kumutu? Kuuza amake Yotamu nakonso kunali kovuta, akanaseka mpaka a ku komboni ya Mtendere n'kumva.

Lamulungu ndinati msana wandigwira, onse n'kupita kutchalitchi. Ndinatsegula kabokosi ka mpongozi, n'kusankha chubu chimene m'kati mwake munkaoneka modera, ndinati wakuda ndi ameneyu. Ndinatenganso kabotolo ka divelopa. Tsono apa ndi pamene ukalipentala unandipweteketsa. Chitseko usanachipake vanishi umayamba wachikwecha ndi sandipepa, ndiye ndinasambitsa mutu ndi sopo wochapira, n'kuukwecha ndi bulashi ya waya wofewa mpaka khungu kumva. Guluu ukafuna kuti agwire msanga suumira, ndiye divelopa ndinathira kabotolo konse. Chitseko chabwino chimafuna kupaka kawiri, ndiye ndinapaka, n'kudikira, n'kupakanso. Pomaliza chitseko chimaumira padzuwa. Ndinavala pulasitiki kumutu monga ndinkaonera azimayi aja, n'kukakhala kuseri kwa nyumba, padzuwa la mu Okutobala.

Pasanapite nthawi mutu unayamba kuyabwa, kenaka kutentha. Ndinati mankhwala akugwira ntchito. Unafika poluma ngati linthumbu, ine n'kumangogwedeza miyendo, ndikuimba nyimbo ya m'buku. Ndinachotsa pulasitikiyo nditamva belu la ku tchalitchi kuti atuluka.

Nditasamba n'kudziyang'ana pagalasi, ndinabwerera m'mbuyo. Mutu wonse unali psuu ngati papaya wakupsa. Sanali wakuda utoto uja. Pa imvi zanga unawala kuposa mmene umawalira pa atsikana, ndipo pansi pa tsitsi khungu linali litatuwa, pena litachita matuza. Chisoti cha ubweya chinayamba ntchito tsiku limenelo. Amake Yotamu atafunsa, ndinati msana uja wakwera kumutu.

Lolemba ndinakwera minibasi ziwiri mpaka ku Chawama, kumene kulibe wondidziwa, kukagula utoto wakuda woti ndikwirire nawo manyaziwo. Mayi wogulitsa anati, "Ba mudala, uyu ugwila na pa nsapato." Ndinakaupaka m'kashedi kanga ka matabwa, pamwamba pa matuza omwe aja. Unaluma kuposa woyamba. Lachiwiri ndi Lachitatu ndinkadzola mafuta a ana mobisa, chisoti chili pomwepo, thukuta likulowa m'mabala. Lachinayi ndi lija la pilo.

Lachisanu nkhope inatupa, mphuno n'kumira. Thupi linatentha, ndipo ndinkanjenjemera dzuwa lili pamutu. Ndinati ndi malungo, ndinamwa timapiritsi ta pa kantemba, kagolosale ka m'mbali mwa msewu. Loweruka m'mawa ndinadzuka, koma kunja sikunache. Zikope zinali zitatupa mpaka kutsekeka, ndipo ngakhale kuzikanula ndi zala zinakana. Ndinaitana akazi anga ndi mawu aang'ono.

Anandivula chisoti chija mosafunsa. 

"Mayo ine! Atate ake Yotamu, mutu uwu ndi wanu?"

Anandiuza pambuyo pake kuti panali mitundu itatu, wakuda pamwamba, wa papaya m'mbali, woyera kumizu, ndipo pakati pa yonseyo mabala akutuluka mafinya. Sanaseke. Pamenepo ndi pamene ndinadziwa kuti zinthu zavuta, chifukwa mayi amenewa amaseka ngakhale ine nditadzimenya chala ndi hamala.

Yotamu anandigwira dzanja mpaka ku kiliniki. Mzere unali wautali, koma anamwino atangondiona anandilowetsa patsogolo. Anandiyeza kutentha kwa thupi, anandifunsa ngati ndikumeza bwino malovu. Ndinati pakhosi pakuyamba kuthina. Sanachedwe nane, analemba kalata yotitumiza ku chipatala chachikulu. M'minibasi kondakitala anafunsa mokweza kuti, "Ba mudala bamumenyani bandani?" Amake Yotamu anayankha kuti, "Anadzimenya okha, tiyeni tizipita."

Kuchipatala chachikulu tinadikira pa benchi mpaka dzuwa kupendeka. Ine sindinkaona kanthu, ndinkangomva nsapato zikudutsa, mwana akulira, wina akuitana maina. Adokotala atatilowetsa anafunsa chimene ndinapaka. Ndinayamba kuzungulira, koma akazi anga anandidula, poti ndinali nditawaululira zonse panjira. Adokotalawo anamvetsera mpaka pa bulashi ya waya, ndipo ndinawamva akuika cholembera patebulo.

Anafotokoza modekha. Anati matenda ndi awiri. Divelopa uja anawotcha khungu, mabala n'kulowa tizilombo chifukwa cha chisoti ndi thukuta. Kutupako kunachokera ku utoto wakuda, umene matupi a anthu ena amaukana, makamaka ukalowa pabala. Anati ndikanagonanso kunyumba, kutupako kukanatseka njira ya mpweya.

Ndinafunsa za maso.

"Tikaona kutupa kukaphwa, mudala. Ngati mankhwala anayendelela na thukuta kuloba m'maso, angasiye chilonda mukati. Siningakulonjezeni lelo."

Ukwati unali utatsala masabata awiri okha. Anandigoneka mu wodi ya amuna, anandiika dilipu padzanja, anandibaya jakisoni wophwetsa kutupa ndi wina wopha tizilombo. Nthabwala zonse zinandithera. Ndinkaganiza za Enelesi, mwana amene ndinkamugoneka m'bokosi la zida ali khanda ine ndikupala matabwa, kuti adzavala zoyera ine osamuona. Misozi inkafuna kutuluka koma inalibe khomo.

Moyo wa mu wodi ndinauphunzira ndi makutu. M'mamawa kunkayamba ndowa ya mayi wokolopa, kenaka kangolo ka mankhwala kamene gudumu lake limodzi linkalira kufuna mafuta. Kukabwera phala. Kenaka nsapato zambiri pamodzi, ndiwo madokotala akuyendera odwala, kuima pa bedi lililonse n'kumayankhulana Chingerezi chapansipansi. Pa bedi langa ankaima nthawi yaitali, ndipo ophunzira udokotala ena ndinkawamva akutsokomola chifuwa chabodza. Masana belu la alendo, madzulo jakisoni. Pakati pa zonsezi panali kudikira basi.

Ntchito yaikulu inali yotsuka mabala. Tsiku loyamba anandimeta tsitsi lonse pang'onopang'ono ndi sizasi, mitundu itatu yonse n'kugwera m'beseni. Amene ankanditsuka anali anamwino ena achikulire, asisita a Chibemba, ndipo atamva kuti ndine Nkhoma anasangalala ngati atola kanthu.

"Imwe ba kum'mawa," anatero akunyowetsa thonje m'madzi a mchere, "mwazolobela kuwamba mbeba. Manje mbeba zasila, mwayamba kuziwamba mweka?"

Madzi a mcherewo ankaluma moti ndinkagwira chitsulo cha bedi, koma ndinkapeza mpata wowauza kuti dzanja lawo ndi lolemera chifukwa linazolowera kusenda anyani. Ankaseka, n'kumapitiriza kutsuka, kupaka mankhwala oyera ozizira, kumanga bandeji. M'maso ankandidonthezera mankhwala m'kamng'alu kamene ankakatsegula ndi chala. Sanandidumphe ngakhale tsiku limodzi.

Enelesi ankabwera masana alionse akaweruka. Tsiku lina anakhala m'mphepete mwa bedi n'kunena kuti wakambirana ndi Mulenga kuti ukwati ausunthe. Ndinakana. Nkhuku zinali zitagulidwa, abale a ku Kopala atapempha kale tchuthi. Iye anati, "Ndiye ngati simudzapenya, atate, ine ndi amene ndidzakugwireni dzanja. Koma mudzalowa nane." Ndinatembenukira kukhoma, ndinati bandeji ikundithina.

Mpongozi nayenso anabwera. Sanafike pa bedi. Anagwada cha kumiyendo, patali, n'kumayankhula kudzera mwa apongozi ake aakazi, ngakhale kuti ine ndinkamva zonse.

"Amayi, auzeni atate kuti kabotolo kaja kanali ka divelopa wamphamvu kwambiri, woyeretsera tsitsi lakuda lisanalandire utoto wowala. Ndimathira pang'ono, moyeza, ndipo munthu akadzikanda kumutu ndimamubweza kuti adzabwere khungu likapola. Padzuwa sindikhazika munthu."

Amake Yotamu anabwereza zonsezo mokweza, mawu ndi mawu, wodi yonse ikumva.

Mpongozi anapitiriza kuti, "Muwauzenso kuti akanangokutumani inu. Ndikanakuphunzitsani, inu n'kuwapaka."

Njira imeneyi inalipo nthawi yonseyi, ndipo mwambo sukanathyoka. Ine mutu wanga wa ukalipentala sunaiganize. Bambo wa pa bedi loyandikana nane, amene anathyoka mwendo, anaseka mpaka anamwino anabwera kudzamuletsa.

Kutentha kwa thupi kunayamba kutsika. Pakhosi panamasuka, ndinayamba kumeza nsima. Mphuno inabwerera pamalo pake. Ndiye masana ena chapakati pa sabata, nthawi ya alendo, ndinamva chikope cha kumanzere chikupepuka. Ndinachikweza pang'ono, kuwala n'kulowa ngati singano. Ndinatseka, ndinayesanso. Kutsogolo kwanga kunali chinthu chakuda chikugwedezeka, ndipo chitayera bwino ndinaona kuti ndi mutu wa bashi Mulenga, atawerama kusenda nthochi imene anandibweretsera ine, n'kumadya yekha.

Ndinayang'anitsitsa. Kumizu kwa tsitsi lake lakuda lija kunali mzere woyera mbee.

"Bashi Mulenga," ndinatero, "nanunso munagwera m'thumba lomwe lija la ufa?"

Nthochi inagwa. Anakuwa kuti, "Ba sisita! Apenya! Uyu mudala apenya!" Anandigwira mapewa n'kumandigwedeza mpaka dilipu kuvina. Atakhazikika anavomera kuti amapaka, koma amamupaka ndi akazi ake, ndipo asanayambe amadontheza pang'ono kuseri kwa khutu n'kudikira masiku awiri kuti aone ngati thupi likuulola. Ndinamufunsa chifukwa chake sanandiuze. Anati sindinafunse.

Diso la kumanja linatseguka mochedwerapo, ndipo linali lofiira, likuona ngati muli utsi. Ananditengera kwa dokotala wa maso, kumene ndinadikiranso pa benchi theka la tsiku. Anandidonthezera mankhwala achikasu, anandiunika ndi katochi, n'kunena kuti muli kachilonda kakang'ono pamwamba, kosafika m'kati, ndipo kapola ndikamadontheza mankhwala mosadumphitsa. Ndinamugwira dzanja dokotalayo ndi manja awiri.

Ananditulutsa sabata ya ukwati yomweyo, ndi lamulo loti ndizipita ku kiliniki kukasintha bandeji, ndisakhale padzuwa, ndisayandikire fumbi la matabwa. Abusa anandilola kulowa m'tchalitchi mutu uli womanga. Loweruka ndinavala suti yanga ya pa salaula, ija yogula pa kaunjika, bandeji yatsopano kumutu, n'kuima pakhomo la tchalitchi. Enelesi atatsika m'galimoto ndinamuona ndi maso onse awiri, kuyambira maluwa a kumutu mpaka nsapato. Ndinaona ngakhale kachipsera ka pachibwano kamene anadzipweteka ali wamng'ono. Ndinamugwira dzanja ndine, ndipo tinayenda pang'onopang'ono, poti ine sindinkafuna kuti kanjirako kathe.

Kumadyerero azimayi a Chibemba anabwera ndi paudala, monga amachitira a chimbuya, kuti andithire kumutu. Amake Yotamu anatambasula ambulera pamwamba panga n'kunena kuti wokhudza bandeji akalipira kuchipatala. Ndiye anandithira pa suti, m'khosi, m'matumba, mpaka ndinayera thupi lonse kupatula mutu. Ndinavina choncho, bashi Mulenga ali pambali panga, mpaka mawondo anandikumbutsa zaka zanga.

Mabala anatenga miyezi kuti apole bwinobwino. Lero ndili bwino. Tsitsi linameranso loyera, kupatula kuseri kwa khutu la kumanja kumene kunatsala kadazi ngati chitsekerero cha botolo. Maso akuona, tepi yoyezera ndimawerenga ndekha, ndipo ulusi pa singano ndimawalowetsera amake Yotamu. Adokotala anandiletsa utoto wakuda moyo wanga wonse, anati thupi likaukana kamodzi, ulendo wachiwiri limakana mwaukali woposa. Amake Dalitso ali ndi kasaluni kawo tsopano, ndipo botolo lililonse amalilemba dzina ndi mphamvu yake. Kabokosi kaja kali ndi loko. Loko ameneyo ndinakhoma ndine, atandituma kudzera mwa akazi anga.

Kwa inu amene mumapaka tsitsi kunyumba, utoto si woipa, ana athu amakongola nawo. Koma funsani amene amaudziwa. Botolo lopanda chilembo lisiyeni. Yesani kaye pang'ono kuseri kwa khutu. Musapake pa khungu lokandika, musawonjezere divelopa poganiza kuti mufulumiza, ndipo mukamva kutentha musapirire, sambani ndi madzi ambiri nthawi yomweyo. Mukaona matuza, kapena nkhope yayamba kulemera, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Ine ndinataya pafupifupi sabata yathunthu pansi pa chisoti, osati chifukwa kiliniki inali kutali, koma chifukwa ndinkaopa kusekedwa. Kuseka adzakusekani ndithu, anamwino, akazi anu, ngakhale wothyoka mwendo wa pa bedi loyandikana nanu. Koma ndi bwino azikusekani inu mukuwaona.